Makiyi Anga kwa Inu, Makiyi Anu kwa Ine



Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America kuli mchitidwe wina umene ukaumva koyamba umadzifunsa ngati anthuwo mitu ikuwayendera bwino. Banja limatenga makiyi a nyumba yake n'kuwapereka kwa anthu amene silinaonanepo nawo, a dziko lina, a chilankhulo china, n'kuwauza kuti: "Gonani pabedi pathu, phikani m'mapoto athu, galimoto ili panjapo ndipo mafuta alimo." Tsiku lomwelo banja lija limanyamuka kukakhala m'nyumba ya alendo akewo. Masabata awiri, atatu, mwina mwezi wathunthu. Pobwerera aliyense amapeza makiyi ake pamalo pamene anagwirizana, ndipo palibe amene walipira mnzake ngakhale tambala. Kawirikawiri mabanja awiriwa saonana n'komwe, ndege zawo zimangodutsana mlengalenga.

Nkhani yathu lero ndi imeneyi, ya kusinthana nyumba pa ulendo. Ambiri akaimva amathamangira ku ndalama imene munthu amapulumutsa posagona kuhotela. Ndalamayo tiikamba, koma mwachidule, chifukwa ine ndikuona kuti phindu lalikulu lili kwina.

Amene anayambitsa zimenezi sanali anthu olemera. Anali aphunzitsi. Mu 1953 aphunzitsi a ku Switzerland ndi a ku Netherlands anayamba kubwerekana nyumba pa tchuthi kudzera m'mabungwe awo, ndipo pamenepo ndi pamene panabadwira bungwe la Intervac, limene lilipo mpaka lero. Chifukwa chake, aphunzitsi amene mukundimvera mwachidziwa kale ndisanachitchule: tchuthi chachitali, malipiro aafupi. Wa ku Netherlands, dziko lachidikha lopanda phiri loti n'kulitchula, ankalakalaka kuona mapiri a Alps. Mnzake wa ku Switzerland, dziko lopanda nyanja yamchere, ankalakalaka kuponda mchenga wa kugombe. Ya hotela analibe onse awiri. Chimene anali nacho ndi nyumba, yomwe ikanangokhala yotseka nthawi yonse imene iwo ali pa ulendo.

Masiku amenewo kunalibe intaneti. Mabungwe otere ankasindikiza buku la mndandanda wa nyumba za mamembala: nyumba ili mumzinda wakuti, zipinda zingati, eni ake akufuna kupita kuti ndiponso mwezi uti. Ukapeza yokusangalatsa unkalemba kalata, kuikamo chithunzi cha nyumba yako, kumata sitampa, n'kudikira. Yankho linkatha masabata lili m'njira, ndipo mwina linkafika likuti pepani, tagwirizana kale ndi ena. Mu 1992 munthu wina wa ku California, Ed Kushins, anayambitsa bungwe limene linadzatchuka ndi dzina lakuti HomeExchange, ndipo intaneti itafala makalata aja anasanduka mauthenga ofika nthawi yomweyo. Ena mwina munaonera filimu ya mu 2006 yotchedwa The Holiday, mmene Cameron Diaz ndi Kate Winslet ndi amayi awiri osweka mtima amene asinthana nyumba pa Khirisimasi, wina wa ku Los Angeles, wina wa kumudzi ku Surrey m'dziko la England. Filimuyo inawanditsa mchitidwewu kwambiri, koma inanamizako anthu pang'ono. Mufilimumo amayiwo agwirizana usiku umodzi, mawa lake ali m'ndege. Zenizeni n'zakuti anthu amakambirana masabata, mwina miyezi.

Kusinthana kwa mtundu wakale kunali ndi vuto lakuti zonse ziyenera kukumana: ine ndifune kwanu, inu mufune kwathu, tonse tipeze tchuthi sabata yomweyo. Kampani ya ku France yotchedwa GuestToGuest, imene inayamba mu 2011 n'kudzagula HomeExchange mu 2017, inalimbikitsa njira ya mapointi. Banja lina likagona m'nyumba mwanu inu muli kwina, mumalandira mapointi pa usiku uliwonse, ndipo mapointiwo mudzagonera m'nyumba ya munthu wachitatu, mwezi wina, dziko lina. Alipo akale mu mchitidwewu amene amati mapointi ndi ndalama ndithu, angosintha dzina, ndipo ine ndikuwamvetsa. Komabe njirayi ndi imene yapereka mpata kwa anthu amene nyumba zawo zili m'malo osatchuka.

Za ndalama tsopano. Pa ulendo wa banja, mukachotsa tikiti, malo ogona ndiwo amaboola thumba, makamaka ngati muli ndi ana ndipo mukufunika zipinda ziwiri. Mukasinthana nyumba, ndalama imeneyo palibe. Mumangolipira ya umembala pachaka, imene ku HomeExchange ndi madola oposa 200, kaya mugona masiku asanu kaya miyezi itatu. Kwa munthu wolandira makwacha nkhani si kuchepa kwa mtengo kokha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anapemphapo madola kubanki akudziwa kuti ukhoza kukhala ndi makwacha okwanira koma n'kulephera kulipira usiku umodzi kuhotela ya kunja. Nyumba yanu siidikira pamzere wa madola. Imalipira mmene ililimo.

Phindu limene anthu satchula kawirikawiri lili kunyumba imene mwaisiya. Nyumba yotseka imadziulula yokha. Makatani satsegulidwa, makalata aunjikana pakhomo, getsi lapanja likuyaka dzuwa lili pamutu. Akuba amawerenga zizindikiro zimenezi. Ku Britain makampani ambiri a inshuwalansi amalemba m'mgwirizano kuti nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 30, ena amati 60, chitetezo china chimachotsedwa. Akudziwa zimene zimachitika: m'nyengo yozizira madzi amaundana m'mapaipi, paipi n'kung'ambika, madzi n'kumatayika m'nyumba masabata angapo popanda woona. Mlendo wogona m'nyumbamo amamva kudontha tsiku loyamba. Amathirira maluwa, amadyetsa mphaka, amayenda ndi galu, ndipo paja kumaiko amenewo kusungitsa galu kwa osunga ziweto masabata atatu ndi ndalama yoti munthu n'kukwerera ndege.

Kuno kwathu madzi saundana, koma kuli chiswe. Yendani m'madera ena a Lilongwe ndi Blantyre, kapena m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima, muona nyumba zokongola zimene abale athu a ku Johannesburg, ku Leicester kapena ku Dublin anamanga ndi thukuta la mashifiti a usiku. Eni ake amabwera mu Disembala, miyezi ina yonse nyumba ili zii. Kuika wa lendi safuna, poopa kudzasowa pofikira. Kuika mbale amaopa, chifukwa tsiku lomuchotsa udzakhala mlandu wa mtundu wonse. Chiswe chilibe nazo ntchito zimenezo, chimakwera ndithu mpaka m'matabwa a denga. Nyumba zotere zikanalowa m'njira ya mapointi ija, zikanamatsegulidwa mawindo kangapo pachaka, ndipo mwini wake akanamagonera mapointiwo kwina.

Ndiye pali khitchini. Hotela imakupatsa bedi ndi bafa, chakudya ukagule katatu patsiku pa mtengo wa alendo. Masiku awiri oyamba zimakoma. Pofika lachisanu, Mmalawi mimba yayamba kufunsa za nsima. M'nyumba yosinthana muli mapoto ndi sitovu, ufa wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu, ndipo mthiko sulemera m'chikwama. Koma si nsima yokha. Taganizani za munthu wa shuga kapena wa BP amene adokotala anamuletsa izi ndi izo, za Msilamu amene akufuna kutsimikiza kuti nyama imene akudya ndi yozinga, za mwana amene thupi lake silimvana ndi mtedza kapena mkaka. Kwa anthu otere, kukhala ndi pophikira ndi kumene kumagamula ngati ulendo utheka kapena ayi.

Mabanja amene achita izi kwa zaka amafunafuna banja lofanana ndi lawo. Ngati muli ndi mwana wa zaka ziwiri, sinthanani ndi amene akulera wa msinkhu womwewo. Mukapeza kabedi ka mwana, mpando wake wa m'galimoto, zidole, kanjinga. Mankhwala anaikidwa kale pamwamba, masitepe anatchingidwa kale. Palibe hotela imene ingakonzekere mwana wanu kuposa mayi amene ali ndi wofanana naye. N'chimodzimodzi kwa munthu waulumali woyenda pa njinga. Hotela ikhoza kulemba kuti chipinda chake n'choyenera aliyense, iwe n'kukapeza sitepe pakhomo la bafa. Nyumba imene mwini wake amayendamo pa njinga tsiku ndi tsiku singakunamize, pakuti zitseko zake zikanakhala zopanikiza iye mwini sakanakhalamo.

Tsopano ndafika paphata pa nkhaniyi.

Ife tikamayenda sitiganiza za hotela. Timaganiza za mbale. Ku Zomba kuli ndani? Ku Cape Town tikafikire kwa yani? Ndi mwambo wabwino, ndipo ambiri a ife tinaphunzira, tinapeza ntchito, tinadwazika matenda ku Queens kapena ku Central chifukwa mbale wina anatiyalira mphasa. Koma mwambowu uli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi wolandira alendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Iwo ankanena mlendo wa masiku awiri, wochokera kutsidya kwa dambo. Amene wagula tikiti ya ku Manchester sangakhale masiku awiri, akhala mwezi. Mwana wanu kumeneko ali m'kanyumba ka zipinda ziwiri, amagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, masana afunika kugona. Mwafika inu, amayi ake, azakhali ake ndi kamdzukulu. Iye ndi mkazi wake asamukira pabalaza. Bilu ya zotenthetsera nyumba yakwera. Apongozi anu akumwetulira, koma maso akuoneka kutopa. Inunso simuli omasuka. Mukuyenda monyang'ama, firiji mukuopa kutsegula, tiyi mukumufuna koma mukudikira kuti akufunseni. Palibe wolakwa apa, ndipo palibe amene adzatulutse mawu. Zimangotsala m'mitima, n'kudzaphulikira pa nkhani ina patapita zaka, mwina pamaliro.

Tayerekezani kuti m'malo mwake mwasinthana ndi banja la mumzinda womwewo, limene lakhala likulakalaka kuona Nyanja ya Malawi. Mwana wanu ali pa mtunda wa mphindi khumi pa basi. Madzulo mukudyera limodzi, Lamulungu mukupita limodzi kutchalitchi, adzukulu akubwera kudzagona kwa agogo, ndipo nsima mwaphika ndinu. Usiku aliyense akutseka chitseko chake. Kumaiko aja si onse osinthana nyumba amene amachitira kukaona malo. Ena amachitira ukwati wa mwana, kubadwa kwa mdzukulu, kholo limene ladwala. Ophunzitsa m'mayunivesite, amene amatha kupatsidwa chaka chathunthu cha kafukufuku kudziko lina, ali ndi tsamba lawolawo, SabbaticalHomes, limene linayamba mu 2000.

Kwa mbale umakhala wothandizidwa, ndipo ngongole yake sudziwa kuti udzaibweza liti. Kuhotela ndiwe kasitomala: amakumwetulira chifukwa walipira, nawenso thaulo umalisiya pansi chifukwa walipira. Posinthana nyumba umakhala mlendo ndi mwininyumba pa nthawi imodzi. Pamene ukutsegula kabati ya eni ake kufuna kapu, ukudziwa kuti ola lomwelo wina akutsegula kabati yako. Dzanja limagwira zinthu mosiyana ukamadziwa zimenezo. Ndipo pamapeto palibe wokhala ndi mnzake mangawa. Wa nyumba yaikulu ndi wa nyumba yaing'ono apatsana chinthu chimodzimodzi, pogona pawo penipeni, pamene alibe pena.

Wina akuti, nanga akakubera? Funsolo n'lomveka. Koma taonani mmene zakhalira. Wakubayo wasiya nyumba yake, zithunzi za ana ake ndi katundu wake yense m'manja mwa munthu amene akumuberayo. Dzina lake likudziwika, kwawo kukudziwika, ndipo pa masamba a masiku ano aliyense amalemba ndemanga za mnzake ulendo ukatha, zimene mamembala ena onse amawerenga. Madandaulo omveka kawirikawiri ndi a tinthu tating'ono: kapu yosweka, poto wopserera, komanso kusiyana pa nkhani ya ukhondo, pakuti imene wina amati nyumba yoyera kwa mnzake imakhala yosasesa. Mwambo wake ngwakuti chimene waswa umagula china kapena kusiya ndalama ndi kakalata, nsalu za pabedi umachotsa kapena kuchapa, ndipo ambiri amasiya kamphatso patebulo. Apa mpamene ndimakondera kusinthana kwa mtundu wakale. M'njira ya mapointi chikole chija chimachepa mphamvu, chifukwa wogona mwanu si amene inu mukugona mwake, n'chifukwa chake makampani amachita kuwonjezera malamulo a chipukuta misozi zinthu zikawonongeka.

Mwininyumba wodziwa zinthu amasiya kabuku patebulo. Mmenemo amalemba mayatsidwe a makina ochapira, tsiku limene galimoto ya zinyalala imabwera ndi bini yoti mutulutse, sitolo ya buledi wabwino, chipatala chapafupi, basi yoti musayese kukwera m'mawa, ndi khomo la aneba amene akusunga kiyi wina. Aneba amenewa ngofunika. Nthawi zambiri ndiwo amakulandirani, ndipo poti mnzawo anawauza za inu, samakuonani ngati mlendo wodutsa. Mumayamba kuuona mzinda mmene eni ake amauonera: mtengo wa mkaka, phokoso la ana opita kusukulu, mzere wa ku positi ofesi. Kwa amene akuganiza zosamuka, kaya popuma pantchito kaya pokafuna ntchito, mwezi umodzi wotere umanena zoona zimene zithunzi za pa Facebook sizinena. Achinyamata athu olota za kunja akanakhala ndi mwayi woiona London ya mu Januwale ali pawindo la nyumba wamba, dzuwa litalowa 4 koloko, ena akanapitabe, koma akanapita akudziwa.

Pali kaphindu kenanso koseketsa. Mlendo asanabwere, nyumba imakonzedwa. Mpopi umene wadontha chaka chonse, chitseko chofuna kukankha ndi phewa, soketi imene aliyense m'banjamo amadziwa kuti siikhudzidwa: eni nyumba tinazizolowera, koma sungamusiyire wobwera. Ndipo polemba kabuku kaja umayamba kudzifunsa kuti kodi kwathu kuno n'chiyani choti munthu aone. Wa ku Blantyre mpamene amakumbukira kuti tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, amangochionera pawindo la minibasi.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali yokhudza mizinda yathunthu. Chiyambire Airbnb mu 2008, eni nyumba ambiri m'mizinda yokopa alendo anaona kuti kubwereketsa nyumba kwa alendo a masiku atatu kumapindula kuposa kusunga banja la lendi chaka chonse. Nyumba zokhalamo anthu zinayamba kuchepa, lendi n'kukwera, ana obadwira mumzinda n'kumakankhidwira kunja. Maboma a mizinda anayamba kubweza moto. Ku London nyumba yathunthu siiloledwa kubwereketsedwa mwanjira imeneyi kupitirira masiku 90 pachaka popanda chilolezo. Ku New York lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2023 limafuna kuti mwininyumba akhalepo ngati mlendo akukhala masiku osakwana 30. Ku Barcelona, mu Juni 2024, meya Jaume Collboni analengeza kuti ziphaso za nyumba za alendo pafupifupi 10,000 zidzathetsedwa pofika 2028. Kusinthana nyumba sikuchotsa nyumba pamsika. Nyumbayo ili ndi eni ake, amene abweranso sabata ya mawa. Banja limodzi latuluka mumzinda, lina lalowa, madzi ndi mabasi akunyamula anthu ochuluka chimodzimodzi, ndipo ndalama ya mlendo ikugwera m'golosale ya m'dera limene alendo safikako. Komabe malamulo amasiyana mzinda ndi mzinda, makamaka pakalowa mapointi, choncho munthu afunse kaye asanapereke makiyi.

Ndisakunamizeni kuti zonse n'zosalala. Kupeza wosinthana naye ndi ntchito: umalembera anthu ambiri, ena amakana, ena sayankha n'komwe. Mnzako akhoza kudwala n'kulephereka iwe utagula kale tikiti. Ngati nyumba ndi ya lendi, alandilodi ayenera kuvomera, ndipo ngati ili ndi inshuwalansi kampaniyo iuzidwe, makamaka pa galimoto. Viza nayo ili pomwepo. Kukhala ndi pogona ku Glasgow sikutanthauza kuti akupatsani chilolezo cholowera m'dzikomo, ndipo pasipoti ya Malawi imafunika viza ku Britain, ku America ndi ku maiko ambiri a ku Ulaya. Pamenepa kufanana kuja kumasokonekera: mnzanu wa kumeneko sadzavutika kubwera kwanu mmene inu mudzavutikire kupita kwake.

Kwathu kuno kulinso zopinga zimene mphunzitsi wa ku Switzerland sanaziganizire. Chachikulu ndi chipinda chogona. Kuchipinda kwa makolo mwana wotha msinkhu salowako wamba, mkamwini sayandikirako, ndiye munthu wosamudziwa akagone pabedi pomwepo? Ena aganizanso za mankhwala, kuti mlendo angasiye kanthu m'nyumba. Sindikuseka aliyense. Munthu amene mtima wake sukhazikika sangasangalale pa ulendo, ndiye phindu lake n'chiyani? Koma yankho lake n'lapafupi: khomani chipindacho, ikanimo mapepala ndi zonse zimene simufuna kuti zikhudzidwe, mlendo agone chipinda china. Ngakhale kumaiko aja anthu amakhoma kabati kapena chipinda chimodzi. Chofunika n'kunena poyamba. Chinanso n'chakuti nyumba zathu sizikhala zopanda anthu. Bambo, mayi ndi ana akachoka, amatsala mwana wa achemwali amene ali pasukulu, amatsala agogo, zimatsala nkhuku. Mlendo ayenera kudziwa zimenezi, ndipo alipo amene angazikonde kuposa nyumba yopanda munthu.

Nanga ndani angafune nyumba yanga? Zoona, kanyumba ka chipinda chimodzi pakati pa Paris kamalandira mapempho ochuluka kuposa nyumba ya zipinda zinayi ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Koma amene ali ndi nyumba ku Nkhata Bay, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ku Zomba, kapena ku Cape Maclear, mkati mwa paki ya panyanja imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ali ndi chinthu chimene wa ku Paris alibe. Angonena zoona: magetsi amazima, madzi mpopi nthawi zina amasiya, udzudzu ulipo ndipo neti zilipo, msewu wa kunyumbako nthawi ya dzinja umafuna galimoto yaitali. Mlendo wouzidwa amabwera atakonzeka. Amene amalemba ndemanga yoipa ndi wobisiridwa.

Ndipo sikofunika kuyambira ku Ulaya. Mphunzitsi wa ku Mzuzu ndi wa ku Blantyre amatsekera sukulu tsiku limodzi. Wa ku Zomba amadziwa mmene malo ogona amadzadzira nthawi ya mwambo wopereka madigiri, wa ku Mangochi amadziwa za tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndipo onsewa ali ndi tsiku limene adzafunike pogona ku Lilongwe. Ku Chipata, ku Lusaka, ku Harare, ku Tete timapita popanda viza pa ulendo waufupi. Pamenepa tsamba la pa intaneti la madola 200 silifunika n'komwe. Chimene aphunzitsi a mu 1953 aja anali nacho ndi bungwe lotha kuchitira umboni kuti uyu ndi wathu, timamudziwa. Ife mabungwe otere tili nawo ambiri: mipingo, mizikiti, mabungwe a aphunzitsi ndi a anamwino, makwaya. Pakati pa Malawi ndi Scotland pali ubale wa mipingo ndi sukulu wochokera m'nthawi ya amishonale, ndipo dzina loti Blantyre n'la tauni ya ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Anthu a mbali ziwirizi amayenderana kale, amadziwana mayina. Chatsala n'kuti wina ayambe kufunsa kuti: m'malo moti alendo athu tiwaike kuloji, bwanji tisinthane?

Pali anthu ena amene mabuku a ku Ulaya onena za kusinthana nyumba sawatchula, chifukwa kumeneko ndi mabanja ochepa amene ali nawo: wantchito wa m'nyumba ndi mlonda. Ngati pakhomo panu alipo, ulendo wanuwu adzausenza ndi iwo. Ndiwo adzalondolere mlendo kumsika, adzamuonetse kagulidwe ka mayunitsi a magetsi, adzayatse mbaula magetsi akazima. Auzeni poyambirira ndipo muwafunse maganizo, asangoona anthu achilendo akutsitsa zikwama pageti. Ntchito ikawonjezeka, ndalama yowonjezera mugwirizane musananyamuke, ndipo ituluke m'thumba lanu, osati adalire chifundo cha mlendo. M'kabuku kaja lembanimo nthawi imene amayamba ndi kuweruka, tsiku lawo lopuma, ntchito imene si yawo, ndi mmene amaitanidwira mwaulemu, chifukwa mlendo wa kunja akhoza kumaitana bambo wa imvi ndi dzina lake loyamba osadziwa kuti akulakwa. Patsamba loyamba lembanipo nambala ya foni ya mbale mmodzi amene angathe kufika pakhomopo pasanathe ola.